Mwana Salima Ganyu M'munda wa Bambo Ake



Mutaima pamsika wa kwanu, kaya ndi ku Mitundu, pa Lizulu kapena ku Limbe, n'kumafunsa odutsa kuti Mkhristu ndi munthu wotani, mayankho ake mukuwadziwa kale. Akuuzani kuti samwa mowa, sasuta fodya, sachita mitala, sapita kudambwe, sayenda kwa asing'anga, ndipo Lamulungu sagwira khasu. Wina awonjezerapo kuti amapereka chakhumi ndipo khadi lake la zopereka n'lodzaza. Ndi ochepa amene anganene kuti Mkhristu ndi munthu wodziwana ndi Mulungu, amene amalankhula naye, kumumvera ndi kumukonda. Anthu apamsikawo sanazipeke okha zimenezi. Anaziphunzira kwa ife, poona zimene timazilabadira kwambiri.

Onani zimene zimachitika pakagwa zovuta pamudzi. Mauthenga asanafike n'komwe kwa abale akutali, funso limakhala litayamba kale kuyenda m'manong'onong'o: kodi mpingo udzaimba? Akulu a mpingo amakatsegula kaundula kuti aone ngati malemuwo anali olongosoka kapena odulidwa. Akapezeka kuti anali pachilango, anamfedwa amalira pawiri, maliro ndi manyazi. N'chifukwa chake alipo anthu m'mipingo yathu amene amasunga dzina m'buku kuti adzaikidwe ndi nyimbo, koma Mulungu mwini wake sanachezepo naye chiyambire. Munthu wotere sindimuseka. Ndimamumvera chisoni, chifukwa wasenza katundu yense wa chipembedzo koma kukoma kwake sanakulawe.

Kaonedwe kameneka kali ndi mbiri yake. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anakhazikika pa Mvera mu 1889. Anapeza anthu ofuna ubatizo akuchuluka, pamene ophunzitsa anali owerengeka. Mtima wa munthu sakanatha kuuona, choncho anayang'ana zimene maso angaone. Munthu ankakhala zaka zingapo m'kalasi akuyesedwa. Mowa, mitala, Nyau, chinamwali ndi magule ena zinasanduka malire a pakati pa Mkhristu ndi wakunja. Tisawaweruze mopupuluma makolo athu a m'chikhulupirirowa. Ndi omwewo amene anatisiyira sukulu, zipatala ndi Buku Lopatulika, limene linatsirizidwa mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray. Ndipo mayi aliyense amene mwamuna wake anasiya kachasu ana n'kuyamba kudya katatu angakuuzeni kuti lamulo lija linapulumutsa banja lake. Vuto n'lakuti chimene chikuwerengeka chimathamangira kutsogolo, chosawerengeka n'kutsalira. Ngakhale mipingo imene inadzipatula kumpoto m'zaka za m'ma 1920, monga Last Church of God and His Christ ya Jordan Msumba ndi African National Church, imene inkalandira amitala, mkangano wake waukulu unali pa mndandanda womwewo, wakuti choletsedwa n'chiti, chololedwa n'chiti. Mpaka lero mipingo yathu timaisiyanitsa choncho: awa amalola mowa, awa salola nkhumba, awa akazi savala buluku.

Tsono tiyeni ku Luka 15, ku nthano ija timaitchula kuti ya mwana wolowerera. Timaikonda chifukwa cha mwana wamng'ono, koma Yesu anaikamba chifukwa cha wamkulu. Mutuwo ukuyamba ndi Afarisi ndi alembi akung'ung'udza poona kuti Yesu akudya ndi ochimwa, ndipo nthanoyo ikuthera pa munthu amene akung'ung'udza panja, kukana kulowa m'nyumba. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ana awiriwa, ngakhale njira zawo zinasiyana, anali ndi maganizo amodzi pa bambo awo. Wamng'ono njala itamupana kokaweta nkhumba, anakonza zokapempha kuti alembedwe ntchito ngati mmodzi wa olipidwa. Wamkulu atakwiya, anawerengera bambo ake zaka zimene anawagwirira ntchito ngati kapolo osalakwira lamulo ndi limodzi lomwe, n'kudandaula kuti sanapatsidweko ngakhale kambuzi. Wina akufuna kulowa ganyu, wina wakhala akulima ganyu moyo wake wonse ali pakhomo pa bambo ake omubereka.

Ganyu tonse timamudziwa, ndipo ambiri muno tinamulimapo kapena kumulimitsa. Mwezi wa February nkhokwe zikapepuka, munthu amalawira ndi khasu paphewa kukaima pakhomo la mnzake. Mwini munda amamutengera kumunda, n'kuyeza ndime ndi mapazi, n'kuzika kamtengo pothera. Amagwirizana mtengo, kaya ndi ndalama, kaya ndi mbale ya ufa, mwinanso madeya. Waganyu amapalira maso ali pa kamtengo kaja. Akafikapo amaimika khasu, mzere wotsatira saukhudza ngakhale udzu utakula chotani, chifukwa sunali m'pangano. Mwini munda akapotoloka, udzu wina amangoufotsera. Akamaliza amakhala pansi pa mtengo kudikira malipiro, ndipo akachedwa kulipidwa ali ndi chifukwa chokwiyira. Mvula ikakokolola mundawo mawa lake, iye sizimukhudza. Sindikunyoza waganyu ayi, ndi njala imene imamutuma. Koma mwana wa pakhomo salima choncho. Iye sayezeredwa ndime ndipo salandira kanthu madzulo. Akamva usiku kuti mbuzi zalowa m'munda amadzuka osatumidwa, popeza chimanga chimenecho n'chakwawo. Amakalipiridwa, nthawi zina amazemba ntchito, mwina waganyu amamuposa kupalira, koma madzulo amalowa m'nyumba osagogoda, n'kupisa dzanja m'mbale imodzi ndi bambo ake.

Akhristu ambiri tikukhala ndi Mulungu ngati aganyu. Mafunso athu ndi amene amatiulula. Kodi kabotolo kamodzi ndi tchimo? Chakhumi ndichotse msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa? Pachibwenzi tingafike pati osachimwa? Onsewa ndi mafunso ofuna kudziwa pamene kamtengo kazikidwa. Ndipo tsoka likatigwera timatulutsa mawu a mwana wamkulu uja: ine amene sindijomba kutchalitchi, ine amene ndinavala yunifolomu ya amayi zaka zonsezi, mwana wanga angamwalire bwanji pamene wa uje woledzera ali moyo? Ululu wake ndi weniweni ndipo suyenera kupeputsidwa. Koma pansi pake pali pangano limene Mulungu sanapangane nafe. Bambo a m'nthanoyo anakana ganyu wa ana onse awiri. Wamng'ono sanamulole n'komwe kumaliza pempho lake, anaitanitsa mwinjiro, mphete ndi nsapato. Wamkulu anamutsatira panja, n'kumukumbutsa kuti wakhala nawo masiku onse, ndipo zonse za pakhomopo n'zake. Kambuzi kamene ankakadandaula kanali kake kale. Chimene chinamusowa ndi kudziwa mtima wa bambo ake. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo bambo awa anachigwiritsa kwa onse awiri, wothawa ndi wotsala.

Wina afunsa kuti nanga malamulo khumi aja si Mulungu yemweyo anapereka? Ndi iyeyo. Koma onani ndondomeko yake m'buku la Eksodo. Aisraele akuoloka nyanja pa mutu 14, malamulo akudzalandira pa mutu 20. Mulungu sanawatumizire miyala iwiri ija ali ku Aigupto n'kuwauza kuti akaisunga bwino adzawatulutsa. Anayamba wawatulutsa, kuwadyetsa mana, kuwamwetsa madzi a m'thanthwe, kenako n'kuwaphunzitsa kakhalidwe ka anthu omasulidwa. Amene analemba Katekisma wa Heidelberg ku Germany mu 1563, amene mipingo yochokera ku Dutch Reformed inamulandira, anaiona bwino ndondomeko imeneyi. Anagawa chiphunzitso chonse patatu: tsoka la munthu, chipulumutso chake, ndi kuyamika kwake. Malamulo khumi anawafotokoza m'gawo lachitatu, la kuyamika. Ambiri tinaloweza mayankho ake kuti tikhoze mayeso a ubatizo, koma m'moyo wathu tinawasamutsira m'gawo lachiwiri, kukhala mtengo wogulira chipulumutso.

Munthu amene mbiri yake imandigwira mtima pankhaniyi ndi John Wesley, wa ku England, amene anabadwa mu 1703. Kunena za kusunga malamulo, palibe muno angamupose. Ali ku Oxford, iye ndi mng'ono wake Charles ndi anzawo ochepa anali ndi kagulu kamene kankasala kudya Lachitatu ndi Lachisanu, kulandira mgonero sabata ndi sabata, kuyendera akaidi ndi odwala, ndi kudzifunsa mafunso tsiku lililonse kuti aone ngati achimwa. Dzina lija la Methodist linayamba ngati chipongwe cha ophunzira anzawo poona dongosolo lawo lokhwima. Mu 1735, ali kale mbusa wodzozedwa, anakwera chombo kupita ku Georgia, ku America, kukalalikira. Mu January 1736 namondwe anawapeza pakati pa nyanja, madzi n'kukhuthukira m'chombo. Angerezi anakuwa ndi mantha, ndipo Wesley anazindikira kuti iyenso ankaopa kufa. Koma munali kagulu ka Akhristu a Moravian ochokera ku Germany amene anapitiriza kuimba, akazi ndi ana omwe. Atafika kumtunda, mmodzi wa atsogoleri awo, August Spangenberg, anamufunsa ngati ankamudziwa Yesu Khristu. Wesley anayankha zoti Yesu ndi mpulumutsi wa dziko lonse. Atafunsidwanso ngati ankadziwa kuti iyeyo payekha anapulumutsidwa, anangoti akuyembekeza choncho. Taganizani, mbusa wophunzira ku Oxford, wosala kudya kawiri pa sabata, akulephera funso limene mwana wa Sande sukulu amaliyankha.

Utumiki wake ku Georgia sunayende bwino, ndipo anabwerera kwawo kumayambiriro kwa 1738 ali wosweka mtima. Madzulo a pa 24 May chaka chomwecho anapita monyinyirika ku kamsonkhano ka mapemphero mu msewu wa Aldersgate ku London. Kumeneko wina ankawerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya Paulo kwa Aroma, Luther yemwe uja amenenso ali m'nyumba ya amonke ankatha maola akuulula machimo osapeza mtendere. Ali mkati momvetsera, Wesley anamva mtima wake ukufunda, ndipo anatsimikiza kuti Khristu anachotsa machimo ake a iye mwini. Atakalamba, poyang'ana m'mbuyo, sananene kuti zaka zoyamba zija analibiretu chikhulupiriro. Anati chinali chikhulupiriro cha wantchito, osati cha mwana.

Tsono onani chimene chinatsatira, chifukwa apa ndi pamene pali yankho kwa amene akuopa kuti chiphunzitso chotere chibala ulesi. Wesley sanasiye kudzuka m'bandakucha kukapemphera. Sanasiye kusala kapena kuyendera andende. Anagwira ntchito koposa kale. Kwa zaka zoposa 50 anayenda pa kavalo m'dziko lonse la Britain akulalikira panja kwa okumba malasha ndi anthu ena amene tchalitchi linkawayang'anira pansi, ndipo olemba mbiri amati analalikira maulaliki pafupifupi 40,000. Kutatsala masiku ochepa kuti amwalire mu 1791, analembera William Wilberforce kalata yomulimbikitsa kuti asafooke polimbana ndi ukapolo. Ntchito zinali zomwezo, koma mtima wozigwirira unali wina.

Ndisasiye kunena kuti ganyu wa masiku ano wavala zovala zatsopano. Alipo achinyamata amene anathawa m'mipingo ya makolo awo ati muli malamulo ambiri, n'kukalowa kumene akuuzidwa kuti akafesa mbewu ya ndalama zakuti Mulungu abweza kakhumi, akasala masiku 21 ntchito ipezeka, akagona kuphiri banja lioneka, akagula mafuta odzozedwa matenda atha. Kusala n'kwabwino, kupereka n'kwabwino, ndipo Ambuye nawonso ankakwera phiri kukapemphera. Koma ngati ukuchita zimenezi kuti Mulungu akhale nawe ngongole, wangosintha munda, ukadali waganyu. Ndipo ganyu ameneyu ndi wankhanza kuposa woyamba uja, chifukwa chozizwitsa chikalephera kubwera, mlandu umagwera wosaukayo kuti mbewu yake inachepa kapena chikhulupiriro chake n'chofooka. Mayi wamasiye amene anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti akafese amabwerera kunyumba alibe mbuzi, alibe machiritso, ndipo akuganiza kuti Mulungu wamukana.

Ubale ndi Mulungu umafuna zambiri kuposa zimene lamulo lingafune. Bwalo la mpingo lingathe kugwira woledzera, popeza amadzandira poyera, ndi mtsikana amene watenga pathupi, popeza mimba sibisika. Koma silingagwire nsanje, miseche, kunyada, kudana ndi m'bale wako chifukwa cha malire a munda, kapena katangale wa muofesi amene chakhumi chake chimafika m'mbale ya chopereka chitavala envulopu yoyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu ulaliki wa paphiri, Yesu anatsata kupha mpaka kukakupeza ku mkwiyo, ndi chigololo mpaka kukachipeza m'diso. Kumeneko kulibe mkulu wa mpingo angafikeko. Kumafika yekhayo amene wamulola kulowa. Zakeyu wa ku Yeriko sanapatsidwe mndandanda wa zoti akonze Yesu asanapite kwawo. Yesu anadziitanira yekha kunyumba kwake anthu akung'ung'udza, ndipo ali komweko Zakeyu anaimirira n'kulonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi zimene analanda. Palibe anamulamula.

Zofanana ndi zimenezi zinaoneka kwa anansi athu a kum'mawa kwa Africa. Mu 1929 ku Kampala, Simeon Nsibambi wa ku Uganda ndi dokotala wa ku England, Joe Church, anakhala pansi masiku angapo akuwerenga Baibulo limodzi, onse atatopa ndi Chikhristu cha pakamwa. Moto umene unayaka pa Gahini ku Rwanda m'zaka za m'ma 1930 unafalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika. Anthu obatizidwa kalekale anayamba kubweza zimene anaba, kupepesana poyera, akuda ndi azungu kudyera pamodzi. Janani Luwum, Arkibishopu amene anaphedwa mu 1977 mu ulamuliro wa Idi Amin, anali mwana wa chitsitsimutso chimenechi. Komabe patapita zaka, ena mwa iwo anayambanso kuikirana malamulo a kavalidwe ndi a ngongole, n'kumayezana nawo kuti wopulumutsidwa weniweni ndani. Chimene agogo anachita chifukwa cha chikondi, zidzukulu zimachilandira ngati lamulo. Choncho m'badwo uliwonse uyenera kukumana ndi Mulungu pawokha.

Nanga ubale umenewu umaoneka bwanji Lolemba m'mawa? Umayambira pa kunena zoona popemphera. Mapemphero athu ambiri ndi okometsera, odzaza maina aulemu, ngati tikulankhula ndi bwana amene tikuopa kuti angatichotse ntchito. Tsegulani Masalimo muone mmene ana amalankhulira. Muli kuyamika, koma mulinso kudandaula, kufunsa kuti mpaka liti, ngakhale kukwiya kumene. Salimo 88 likuyambira mumdima n'kutheranso mumdima, koma analisunga m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Yobu anatsutsana ndi Mulungu mitu yambirimbiri, ndipo pamapeto amene anadzudzulidwa kuti sananene zoona za Mulungu ndi anzake atatu aja a mayankho olongosoka. Hana anapemphera ku Silo milomo yokha ikugwedera mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Ngati muli ndi mkwiyo ndi Mulungu chifukwa cha mwana amene munaika m'manda, kamuuzeni mwini wakeyo. Kumubisira ndi kumene kumapha ubale.

Ubalewu sufunanso malo apadera. Ku Paris kunali munthu wina wosaphunzira kwambiri, wodziwika ndi dzina loti Brother Lawrence, amene anamwalira mu 1691. Ankagwira ntchito m'khitchini ya nyumba ya amonke, ntchito imene mwachibadwa sankaikonda, koma anadzizoloweretsa kulankhula ndi Mulungu uku akutsuka mapoto, mpaka anthu ophunzira ankabwera kudzamufunsa nzeru. Mayi amene akupeta mphale, kondakitala wa minibasi, mphunzitsi amene akuchonga makope usiku pa nyali, kwa onsewa khomo ndi lotsegula.

Koma ndisakunamizeni kuti ubalewu ndi wa kumva kukoma nthawi zonse. Tikauyeza ndi misozi kapena kunjenjemera pa nthawi ya matamando, tapanganso lamulo lina. Makalata a Mother Teresa wa ku Kolkata, amene anasindikizidwa mu 2007 patatha zaka 10 iye atamwalira, anaonetsa kuti kwa zaka zambiri ankamva ngati Mulungu ali kutali, koma sanasiye kupemphera kapena kutola odwala m'misewu. Alipo muno amene mukupemphera mouma, ndipo mukuganiza kuti mwatayidwa. Simunatayidwe. Kukhalabe pamene simukumva kanthu ndi chikondi chokhwima kuposa cha tsiku loyamba.

Mawu anga otsala apite kwa inu akulu a mpingo, amene mumasenza udindo wolemera wa chilango. Sindikunena kuti bwalo lithe. Mpingo wosadzudzula tchimo umasiya ofooka m'manja mwa amphamvu, ndipo mkazi womenyedwa kapena mwana wogwiriridwa amafuna mpingo wolankhula mosapsatira. Koma taganizirani mtsikana wa zaka 17 amene waima pamaso panu, chitenje atamangira m'mwamba, maso ali pansi, pamene mnyamata kapena bambo amene anamupatsa mimbayo sakuoneka n'komwe. Dzina lake lilengezedwa, akhala kumbuyo miyezi yakutiyakuti, mbale ya mgonero izimudutsa, kenako adzabwezeredwa. Ndondomeko yonse itha kutsatidwa bwinobwino popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti iye ndi Mulungu zili bwanji. Petro anakana Ambuye katatu, ndipo pa Yohane 21 tikuwapeza Ambuyewo atasonkha moto m'mbali mwa nyanja, atawotcha nsomba, n'kuyamba amudyetsa. Atatha kudya anamufunsa katatu za chikondi, n'kumupatsanso nkhosa kuti awete. Tchimo sanalibise, popeza mafunso atatuwo anamupweteka Petro mumtima, koma chimene ankachifuna chinali munthuyo.

Choncho pempho langa ndi ili. Pa bwalo lanu lotsatira, mukagamula mlandu, musatseke ndi pemphero musanagwirizane kuti ndani mwa inu adzapita kunyumba kwa wolangidwayo sabata yomweyo, ndi sabata yotsatira, kukakhala naye pamphasa, kuwerenga naye mawu ndi kupemphera naye mpaka tsiku lobwerera. Dzina la mkulu ameneyo mulilembe m'buku lomwelo, pafupi ndi dzina la wolangidwayo, ndipo mwezi ukatha mumufunse ngati anapitadi.